Rea Vaya, takisi kapena sitima: mukafika mu Joni muziyenda pa chani?

Mwana wa achemwali anga atafika kuno chaka chatha ndinakamuchingamira pa Park Station, siteshoni yaikulu ya mabasi ndi sitima mtauni ya Johannesburg. Anali atatopa zedi, masiku awiri ali pa mpando kuchokera ku Blantyre, Mwanza, Tete, Nyamapanda mpaka kudzaima pa mzere pa Beitbridge, koma titangotuluka panja cha ku Rissik Street maso ake anagwera pa kanyumba ka magalasi kali pakati penipeni pa msewu, basi itaima pambali pake zitseko zikutseguka zokha. Anandifunsa kuti "Amalume, imeneyi ndi ya mabwana kapena nafenso tingakwere?" Ndinamuuza kuti ndi ya aliyense, dzina lake ndi Rea Vaya. Nde anafunsanso kuti nanga bwanji ifeyo tikusenza zikwama kupita ku renki ya matakisi. Yankho lake linali lalifupi, komwe ndimagona ine basi imeneyi siifika. Ndipo nkhani yonse ya mayendedwe mu Johannesburg yagona pamenepo, musanafunse kuti chotchipa ndi chiti kapena chachangu ndi chiti, yambani mwadziwa komwe muzigona ndi komwe muzigwira ntchito, chifukwa mzinda uno ndi wotambalala moti chinthu chabwino kwa mnzanu wa ku Orlando chikhoza kukhala chopanda ntchito kwa inu wa ku Diepsloot.

Tiyambe ndi Rea Vaya yomweyo popeza ndi yomwe anthu ambiri obwera kumene samaimvetsa, ena mpaka amatha zaka zitatu akuiona ikudutsa osakwerapo olo kamodzi.

Mwachidule ndi basi yomwe anaipatsa njira yakeyake. Pakati pa msewu anapatula mbali ina, malo ambiri anapaka penti yofiira, ndipo magalimoto ena saloledwa kuyendamo. Masiteshoni ali pakati pomwepo, anawamanga okwera kufanana ndi pansi pa basi ndiye palibe zokwera masitepe, mumangolowa ngati mukuchoka pa balaza kulowa kuchipinda, agogo, mayi wobereka mwana, ngakhale munthu wa pa njinga ya olumala amalowa bwinobwino. Mumalipira pa geti musanalowe mu siteshoni, basi ikafika anthu amangolowa nkunyamuka, palibe kondakitala, palibe oitanira, palibe zodikira kuti idzadze. Mtundu wa mabasi oterewu amautcha BRT ndipo nzeru yake inachokera ku South America, mzinda wa Curitiba ku Brazil ndi womwe unayamba, kenako Bogotá ku Colombia anakhazikitsa TransMilenio mu 2000, ndipo akuluakulu a Johannesburg anapita komweko kukaona atatengana ndi eni matakisi ena. Mabasi oyamba anayenda pa 30 August 2009, nthawi ya meya Amos Masondo, mayi Rehana Moosajee ndi omwe ankayang'anira za mayendedwe ku khonsolo. Aliyense ankathamangira World Cup ya 2010, nchifukwa chake mukaona njira yoyambayo imadutsa pafupi ndi mabwalo a mpira atatu, Orlando Stadium, FNB Stadium ku Nasrec ndi Ellis Park. Dzinalo ndi chilankhulo cha mtauni, tanthauzo lake "tikupita".

Zilembo za pa basi

Apa nde pomwe anthu amasokonekera, koma mukangomvetsa zilembo zitatu basi mwatha. Pa mphumi pa basi pamalembedwa T, C kapena F, kenako nambala. Ganizirani za mtsinje wa Shire ndi timitsinje tothiramo. T ndiye Shire, mabasi aataliatali opindika pakati aja, amayenda mu njira yawo yokhayokha ndipo amaima pa masiteshoni a magalasi okha. F ndi timitsinje, mabasi omwe amalowa m'makwalala mkati mwa malokesheni kukatola anthu nkudzawatula pa siteshoni yaikulu, ambiri mwa iwowa mtauni safika. C ili pakatikati, imayamba m'misewu wamba ngati basi ina iliyonse kenako nkudzalowa mu njira yofiira mpaka mtauni, nchifukwa chake mabasi amenewa ali ndi zitseko mbali zonse ziwiri, ina yotsikira pa siteji ya m'mbali mwa msewu ina yotsikira pa siteshoni ya pakati.

T1 ndi mayi wa zonse. Imanyamuka pa Thokoza Park ku Soweto, pafupi ndi tchalitchi cha Regina Mundi (dzina la Thokoza limandisangalatsa nthawi zonse, limamveka ngati la kwathu), kudutsa Lakeview, Boomtown, Orlando, Noordgesig, Diepkloof, kutsata Soweto Highway mpaka Westgate pomwe tauni imayambira, kenako Chancellor House pafupi ndi nyumba yomwe Nelson Mandela ndi Oliver Tambo anali ndi ofesi yawo ya zamalamulo, Library Gardens, Carlton Centre, Fashion Square, kukhota cha ku Joubert Park ndi Doornfontein mpaka kukathera Ellis Park East. Ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 25. Amene mumapanga geni yooda zovala, mabulangete ndi nsapato zotumiza kumudzi, Carlton ndi Fashion Square ndi masiteshoni anu, mashopu ambiri a mtauni mumayenda wapansi kuchokera pamenepo. Chimodzi choti mudziwe, mkati mwa tauni misewu yambiri ndi yolowera mbali imodzi, nde siteshoni yomwe mwatsikira popita si yomwe mukwerere pobwerera, ina ili pa Commissioner Street ina pa msewu womwe kale unkatchedwa Market Street pano ndi Albertina Sisulu, dzina limodzi koma misewu iwiri. Anthu ambiri tsiku loyamba amaima pa siteshoni yolakwika nkumadabwa kuti bwanji mabasi onse akulowera kwina.

T2 imachokeranso ku Thokoza Park kudzera Soweto Highway yomweyo koma iyo imakwera ku Braamfontein. T3 ndi ya gawo lachiwiri lomwe anatsegula mu October 2013, ndipo kwa ine iyi ndi yomwe ili yofunika kwambiri kwa mabanja. Ikachoka ku Noordgesig imalowera kumpoto, Pennyville, Bosmont, Coronationville, Westbury, Westdene, Auckland Park, Milpark, kutsata Empire Road mpaka Parktown nkutsikira mtauni ku Library Gardens. Tayang'anani zomwe zili m'mbali mwa njira imeneyi, chipatala cha amayi ndi ana cha Rahima Moosa, chipatala cha Helen Joseph, University of Johannesburg, wailesi ya boma ya SABC, yunivesite ya Wits, ndipo Charlotte Maxeke ili ku Parktown komweko. Mayi woyembekezera wopita ku sikelo kapena munthu wokatenga mankhwala mwezi ndi mwezi, palibe chinthu china mu mzinda uno chomwe chimamutula pafupi ndi zipatala zonsezi pa khadi limodzi.

Za ma C ndi ma F sindingazitchule zonse, zilipo zambiri. C1 imalumikiza Dobsonville ndi tauni, C2 Dobsonville ndi Maponya Mall, C3 imangozungulira mkati mwa tauni ndi Braamfontein, C4 imapita ku Cresta ndi Windsor, C5 ku Florida. Mwa ma F, F1 ndi ya ku Naledi, F2 ku Protea Glen, F5 ku Eldorado Park, ndipo F11 imakwera ku Yeoville ndi Bellevue komwe kuli anthu ambiri ochokera maiko ena kuphatikizapo a kwathu. Pa siteshoni iliyonse pali mapu, jambulani pa foni tsiku loyamba, akuthandizani kuposa kufunsa munthu aliyense pa msewu.

Kulipira kwake ndi pa khadi, kashi dalaivala salandira. Khadilo mumagula pa siteshoni (tengani pasipoti kuti akakufunsani musabwerere), mumaikamo ndalama ngati mmene timachitira ndi mayunitsi a magetsi, polowa mumaligunditsa pa makina, potuluka mumaligunditsanso. Kugunditsa kwachiwiriku musadzaiwale chonde, mtengo amawerengera kutalika kwa ulendo ndiye makina akapanda kudziwa pomwe mwatsikira amakudulani yambiri. Ubwino wake waukulu ndi wakuti mukachoka ku Protea Glen pa F2 nkudzasinthira T1 pa Thokoza Park, ulendowo amauwerenga ngati umodzi, pomwe pa takisi galimoto iliyonse yomwe mwakwera ndi ndalama ina. Komanso kunja kwa nthawi yothithikana ya m'mawa ndi madzulo mtengo umatsikako. Mitengo yeniyeni imasintha chaka ndi chaka nde onani pa siteshoni.

Pali chinthu china chomwe mabuku a khonsolo sangalembe koma ife obwera timachidziwa mumtima. Mu Rea Vaya simufunika kulankhula. Khadi silifunsa kuti ndinu a kuti, silimva kuti chizulu chanu chapendama. Amene analipo mu 2008, kapena 2015 ndi 2019 nthawi yomwe anthu obwera ankasakidwa, akudziwa mmene kutsegula pakamwa m'galimoto yodzadza kumaopsera zinthu zikavuta, mu 2008 anthu ena ankakufunsa dzina la chigongono m'chizulu kuti akugwire. Masiku ambiri zinthu zimakhala bwino ndipo anthu a kuno ambiri ndi abwino, amakulozera njira mokondwa, koma munthu woti wafika dzana, chilankhulo sanachigwire, basi yongogunditsa khadi nkukhala phee mpaka potsikira imamupatsa mpata wopuma. Ine ndimauza aliyense watsopano kuti ngati njira yake ikulola, milungu yoyamba ayambe ndi imeneyi uku akuphunzira mzinda pa windo.

Tsono mavuto ake, chifukwa alipo ndipo si obisika. Loyamba ndi lomwe ndanena kale, siifika malo ambiri. Rea Vaya kwenikweni ndi ya Soweto, tauni ndi madera a pakati pake. Koma ntchito zambiri zomwe a kwathu amagwira, za m'magadeni, za m'nyumba, zaulonda, zamalesitilanti, zili kumpoto, Randburg, Fourways, Sandton, Midrand, ndipo ambiri amagona ku Diepsloot, Cosmo City, Alexandra, Tembisa, kapena kumwera ku Rosettenville, Turffontein ndi Lenasia. Malo ambiri mwa amenewa basiyi kulibe. Lachiwiri ndi nthawi, mabasi amayamba cha m'ma 5 koloko m'mawa nkuweruka cha m'ma 9 usiku, Loweruka ndi Lamulungu amachepa komanso amaweruka msanga, nde munthu wotuluka ku kitchini ya lesitilanti 11 koloko usiku asawerengereko. Lachitatu, mkati mwa tauni njira yofiira ija matakisi ndi magalimoto ena amalowamo ndithu ngakhale lamulo likukana, changu chenicheni mumachiona pa Soweto Highway pomwe basi imadutsa mzere wa magalimoto utaima. Ndipo nthawi ya m'mawa yembekezerani kuimilira, mpando ndi mwayi.

Lachinayi ndi lolemera. Kuyambira pachiyambi basiyi inabadwira mu mkangano ndi eni matakisi, patangopita masiku ochepa itayamba mu 2009 basi ina inawomberedwa ku Soweto. Khonsolo inagwirizana ndi eni matakisi opitilira 300 kuti achotse magalimoto awo oposa 500 pa njirayo nkukhala eni masheya mu kampani yoyendetsa mabasi ya PioTrans, ndipo ya gawo lachiwiri, Litsamaiso, inapangidwanso mofananako. Zinathandiza koma sizinathetse zonse. Madalaivala ananyanyalapo ntchito milungu ingapo mu 2011 komanso mu 2015, kumapeto kwa 2023 PioTrans inalowa m'mavuto a zachuma mpaka nkhani inafika ku khoti, ndipo mu February 2025 madalaivala awiri anaphedwa ndi mfuti ku Soweto usiku umodzi, mabasi anaima kaye. Anthu ogwira ntchito yawo ngati ine ndi inu, akusiya ana. Phunziro lake kwa wokwera ndi lakuti ngakhale khadi lanu likhale lodzadza, m'thumba muzikhala ndalama ya takisi yopita ndi kubwerera, chifukwa tsiku lomwe mabasi aima bwana wanu samva zimenezo.

Takisi

Kuno akati takisi akunena minibasi, zambiri ndi Toyota Quantum zoyera za anthu 15 kapena 16. Iyi nde mfumu ya mayendedwe, anthu ambiri a m'chigawo chino cha Gauteng omwe alibe galimoto amayendera imeneyi ndipo palibe lokesheni kapena mkuku womwe takisi siifika. Wa ku Ndirande kapena ku Area 25 aganiza kuti akuidziwa kale, koma pali kusiyana kwakukulu. Kondakitala kulibe. Ndalama imayenda yokha kuchokera mpando wa kumbuyo, mzere uliwonse umasonkhanitsa nkupereka kutsogolo uku mukunena kuti ndi ya anthu angati, ndipo amene wakhala pafupi ndi dalaivala ndi amene amawerengera nkubweza chenji. Choncho ngati mwafika kumene, mpando wa kutsogolo usiyeni kaye. Ine ndinakhalapo sabata yanga yoyamba osadziwa, ndalama zinayamba kubwera mbali zonse ma randi ndisanawazolowere, chenji cha munthu wina chinasowa ndipo dalaivala anaimitsa galimoto pambali nkunena kuti sitinyamuka mpaka ipezeke. Anandipulumutsa ndi mayi wina wachikulire amene anatenga ndalamazo m'manja mwanga nkuwerengera yekha modekha. Mayi amene uja sindidzamuiwala.

Poimitsa takisi mumagwiritsa ntchito zala. Chala chimodzi kuloza kumwamba ndi kutauni, kuloza pansi ndi ulendo wapafupi wa m'dera lomwelo, zizindikiro zina zimasiyana malo ndi malo nde funsani oyandikana nawo nyumba. Potsika mumakuwa kuti "short left", "short right" kapena "after robot", kutanthauza tikangodutsa maloboti. Polowa perekani moni, "sanibonani" yekhayo amafewetsa zinthu. Marenki akuluakulu mtauni ndi Bree, komwe mumapeza zambiri za ku Soweto ndi mbali ya Randburg, ndi Noord yomwe ena amati MTN, komwe kuli za ku Alexandra, Midrand, Tembisa ndi kwina, ndipo ku Soweto kuli renki yaikulu ya Bara moyang'anana ndi chipatala cha Chris Hani Baragwanath. Apa ndionjezere kuti wopita ku chipatala cha Bara takisi ndiye yachindunji, T1 imadutsa kwina.

Ubwino wa takisi ndi woonekeratu, ili paliponse, imayamba m'bandakucha anthu ena asanadzuke, imaima pomwe mwafuna osati pomwe pali siteshoni, ndipo nthawi ya m'mawa imadzadza mphindi zochepa nkunyamuka. Kuipa kwake, masana pa renki mukhoza kukhala theka la ola kudikira anthu atatu omaliza, mayendetsedwe a madalaivala ena amaimitsa mtima, katundu wamkulu amakulipiritsani mpando, ndipo njira zambiri zimathera mtauni ndiye wochoka ku Soweto kupita ku Fourways amakwera ziwiri mwina zitatu, kulipira paliponse, kuphatikiza kuyenda wapansi pakati pa marenki komwe foni siyenera kukhala m'manja. Mukawerengera pa mwezi, thiransipoti imeneyi imadya gawo lalikulu la malipiro a munthu wa m'gadeni, ndalama yomwe ikanapita kumudzi kukagula feteleza.

Sitima ya Metrorail ndiyo yotchipa kuposa zonse, palibe chopikisana nayo pa mtengo. Njanji ya ku Naledi imachoka pa Park Station kudutsa Braamfontein, Mayfair, Langlaagte, New Canada, Dube mpaka Naledi. Nthawi ya Covid mu 2020 mawaya a magetsi anabedwa, masiteshoni ambiri anaphwasulidwa mpaka kutsala zipupa zokha, ndipo sitima zinasowa kwa nthawi yaitali. Kampani ya boma yoyendetsa sitima, PRASA, yakhala ikubwezeretsa njanji imodziimodzi ndi sitima zatsopano za buluu zomwe amapangira ku Nigel, zoyera bwino, zitseko zake sizilola kunyamuka zili zotsegula ngati zachikasu zakale zija. Ngati mukugona pafupi ndi siteshoni yomwe ikugwira ntchito ndipo nthawi yolowera ntchito ikugwirizana ndi ndandanda wake, kwerani sitima, musunga ndalama zambiri. Vuto ndi lakuti sitima sizibwera pafupipafupi ngati mabasi, ikakusiyani ina mudikira.

Sitima yothamanga ya Gautrain ndi nkhani ina. Inayamba mu June 2010 pakati pa Sandton ndi bwalo la ndege la OR Tambo, ku Pretoria inafika mu 2011, ndipo Park Station inalumikizidwa mu 2012. Njanji yonse ndi makilomita 80, masiteshoni 10 okha: Park, Rosebank, Sandton, Marlboro, Midrand, Centurion, Pretoria, Hatfield, Rhodesfield ndi OR Tambo. Imathamanga mpaka makilomita 160 pa ola, kuchoka Sandton kufika ku bwalo la ndege ndi mphindi ngati 15, ndipo imasunga nthawi moti mukhoza kukonzera wotchi. Mkati saloleza kudya kapena kumwa, olo chingamu. Koma mtengo wake si wa tsiku ndi tsiku kwa ambiri a ife, makamaka wa ku bwalo la ndege ndi wokwera kwambiri. Ine ndimaikwera pa zifukwa ziwiri basi, ndikakhala ndi ndege yoti isandisiye, kapena ndikafuna kufika ku Pretoria m'mawa pa nkhani ya mapepala nthawi yomwe msewu wa N1 wadzadza. Rea Vaya ili ndi siteshoni pa Park Station pomwepo nde wochokera ku Soweto akhoza kulumikiza ziwirizi, koma makhadi ake ndi osiyana, lililonse ndi ndalama yake.

Metrobus ndi mabasi a khonsolo akale, likulu lake ndi Gandhi Square mtauni. Amafika madera ambiri omwe Rea Vaya kulibe, kumpoto ndi kumwera komwe, ndipo mtengo ndi wabwino, koma anawakonzera anthu a ntchito ndi ana a sukulu, m'mawa kupita madzulo kubwerera, masana ndi ochepa. Wogwira ntchito ya m'nyumba yolowa 8 kutuluka 4 pa nyumba imodzi tsiku lililonse, afufuze nambala ya basi ya dera limenelo, ikhoza kumupulumutsa ku matakisi awiri. Wa maganyu osinthasintha malo sizimuthandiza. Kampani ya mabasi ya Putco nayonso ilipo, imanyamula anthu a mitunda italiitali mofananamo.

Uber ndi Bolt ndi za usiku, za tsiku lomwe mwafika ndi zikwama zikuluzikulu, kapena mwana akadwala. Tsiku lililonse simungakwanitse. Ndipo samalani poitanira, pafupi ndi marenki, pa Park Station ndi pa mamolo ena pamakhala mkangano pakati pa madalaivala amenewa ndi a matakisi, pa Maponya Mall magalimoto anawotchedwapo mu 2023. Dalaivala akakuuzani kuti musunthe pang'ono mukakumane pa kona ina musakwiye, akuteteza moyo wake ndi wanu womwe, koma onetsetsani kuti nambala ya galimoto ndi nkhope zikufanana ndi za pa foni musanalowe.

Nde tikaziika pamodzi ine ndimaona chonchi. Wogona ku Soweto, Eldorado Park, Riverlea, Bosmont, Westbury kapena Florida nkumagwira ntchito mtauni, Braamfontein, Auckland Park kapena Parktown, Rea Vaya ndiye yoyamba, ndipo sindikuona chifukwa chomveka chokwerera takisi tsiku ndi tsiku pokhapokha ngati nthawi yake yolowera ili kunja kwa maola a basi. Ngati ali pafupi ndi njanji ya Naledi ayerekeze ndi sitima, mwina sitima m'mawa basi madzulo. Wogona ku Yeoville kapena Hillbrow tauni ili pafupi kale, F11 ndi C3 zimathandiza masiku a mvula kapena ukanyamula katundu. Wa ku Diepsloot, Cosmo City ndi Zandspruit ndi takisi basi, asadzivute nkugula khadi. Wa ku Tembisa adziwe kuti kumeneko ndi khonsolo ina, Ekurhuleni, ndipo ali ndi mabasi awo otchedwa Harambee, ku Pretoria kuli A Re Yeng, ku Cape Town MyCiTi, onsewa ndi mtundu umodzi koma khadi la kwina siligwira kwina.

Chomwe chimandiwawa kwambiri ndi nkhani ya Alexandra ndi Sandton. Gawo lachitatu la Rea Vaya analikonza kuti lichoke mtauni kutsata Louis Botha Avenue, kudutsa Orange Grove, Wynberg, Alexandra mpaka kukalowa Sandton, ndipo iyi ndi njira yomwe ikanasintha moyo wa anthu ambiri a kwathu chifukwa Alex ndi komwe lendi ili yofikirika pomwe Sandton ndi komwe kuli ntchito, pakati pake pangodutsa msewu wa M1. Anthu masauzande amawoloka wapansi tsiku lililonse. Ntchito yomanga inayamba nthawi ya meya Parks Tau, ndipo mu October 2015 zitsulo zogwiriziza mlatho wa anthu oyenda pansi womwe ankamanga pa Grayston Drive zinagwera pa M1 nkupha anthu awiri. Mlathowo unadzatha, masiteshoni a pa Louis Botha anamangidwa, koma anakhala zaka zambirimbiri opanda basi, masiku otsegulira akungosunthidwa, ena mpaka magalasi kuswedwa asanalandirepo munthu. Ndikunena izi chifukwa ndaonapo anthu akutenga chipinda ku Orange Grove landilodi atawalozera siteshoni kuti onani basi ili pakhomo. Inu musatengere kuona nyumba ya magalasi. Musanapereke dipoziti pitani pa siteshoniyo 6 koloko m'mawa tsiku la ntchito, muime mphindi 20, muwerenge mabasi omwe aima ndi zilembo zomwe zalembedwa pa mphumi pake, kenako mufunse anthu omwe ali pa mzere kuti madzulo yomaliza imadutsa nthawi yanji.

Mwana wa achemwali uja anadzapeza ntchito pa shopu ina ya matayala cha ku Industria, ndipo titakhala pansi nkuwerengera tinaona kuti kukhala ndi ine kukumudyera matakisi anayi pa tsiku. Anasamukira kwa anzake ku Pennyville, lendi yokwererako pang'ono kuposa yomwe ankandithandiza, koma pano amakwera T3 masiteshoni ochepa chabe, masiku ena amangoyenda wapansi, ndipo ndalama ya takisi ija ndi yomwe akutumiza kwa mayi ake mwezi ukatha. Lamulungu akafuna kudzandiona amakwera basi mpaka Library Gardens, nkuyenda kupita ku Bree kudzakwera takisi ya kwathu kuno, ndipo ndimamuuza kuti azinyamuka 4 koloko isanakwane kuti basi yobwerera akaipeze.